Zilembo Zitatu Zotsala

Ine bodza langa linali limodzi lokha, ndipo mkazi wanga ankalidziwa bwino. Akandilembera pa foni kuti "Muli pati?" yankho langa linali "Ndafika," ngakhale ndikadali kuseri kwa mapiri awiri. Iye ankangoseka. "Inu mumafika kasanu pa tsiku, koma pakhomo pano sitikuonani."

Ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto yogawa mazira m'mashopu. Zaka khumi ndi chimodzi pa chiwongolero, osaphwanyapo ndi thireyi imodzi yomwe. Ndiye ndinkadzimva kwabasi. Kulemba uthenga ndi dzanja limodzi, lina lili pa chiwongolero, kwa ine kunali ngati kukanda pamphuno.

Tsiku limenelo linali Lachinayi. Shopu yomaliza inali kutali, ndipo pobwerera mdima unali utangogwa kumene. Kamvula kankawaza, kongonyowetsa galasi. Kumbuyo mathireyi opanda kanthu ankagogoda. Wailesi ya m'galimotomo inafa kalekale, choncho ndinkangomva injini ndi mawaipa.

Panjirapo pali mtsetse wautali, kenako msewu umakhotera kumanzere n'kulowa pa mlatho wopapatiza. Ndinali nditadutsapo kosawerengeka. Ndili pakati pa mtsetsewo, foni inalira pampando. Ndinaitola. Anali mayi a kunyumba: "Muli pati? Ana akukana kudya, akuti adikire inu."

Ndinamwetulira n'kuyamba kulemba. N. D. A. F.

Chimene chinandidzutsa mutu sindichidziwa mpaka lero. Kutsogolo kwanga kunali munthu. Ataima chilili pakati pa kuwala kwa magetsi anga, mutu ataweramitsa, foni ili m'manja.

Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse. Matayala analira. Mathireyi anakhuthukira kutsogolo, foni inandipulumuka n'kugwera kumapazi. Galimoto inaserereka, inaserereka, n'kuima. Injini inazima.

Kunja kuli zii.

Munthu uja sanasunthe. Sanadzidzimuke n'komwe. Chala chake chinkangogogoda pa foniyo.

Ndinatsitsa galasi. "Akulu inu! Mwatopa nawo moyo?"

Anabwera pang'onopang'ono mpaka pawindo langa. Mapazi ake sindinawamve. Anali bambo wa msinkhu wanga, atavala malaya a kuntchito, madzi akuchucha m'manja ndi m'zigongono. Kamvula kameneko sikakananyowetsa munthu choncho. Ankanunkha matope a mumtsinje ndi petulo. Nkhope sindinaione bwino, kuwala kwa foni kunkangolekezera pachibwano.

"Pepani achimwene," anatero ndi mawu otsika, aulemu. "Tandithandizeni. Uthenga wanga ukukanika kutha."

Anandionetsa foniyo. Galasi lake linali losweka paliponse, madzi ali m'kati, koma inkayaka. Pamwamba panali polembedwa "Mayi a ana." Pansi pake zilembo zinayi zokha: Ndaf.

Zilembo zomwezo zimene ndinali nditalemba ine.

"Tangomalizani," ndinatero.

"Ndayesa, achimwene. Zatsala zitatu zokha. Akundidikira kunyumba." Kenako anafunsa, "Nanga inu, wanu mwamaliza?"

Ndinayang'ana kumapazi kumene foni yanga inkawala. Kamphindi chabe. Podzutsa mutu, pawindo panalibe munthu. Kumbuyo kunalibe. Kutsogolo kunalibe. Fungo la petulo lokha ndi limene linatsala.

Ndinatsegula chitseko n'kutsika. Ndi pamene ndinaona. Galimoto yanga sinali mumsewu. Msewu unali utakhota, ine n'kupitirira chowongoka. Matayala akutsogolo anali pa udzu, m'mphepete mwenimweni mwa phompho, pamalo pamene zitsulo zotchinga mlatho zinathyoka. Paja munthu uja anaima poyamba panalibe phula, panalibe dothi. Magetsi anga ankangowala m'malere. Pansi madzi akusokosa.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira ngati mwana. Sindikubisa.

Nditapezako mphamvu ndinaliza injini n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Foni ndinaiponya m'kabokosi ka kutsogolo osaiyang'ana. Inalira njira yonse, kusiya n'kuyambanso, koma sindinaikhudze. Ndinayenda ngati ndadzaza mazira mpaka kudenga, manja onse awiri ali pa chiwongolero.

Nditakhotera mumsewu wa kwathu ndinaona anthu pakhomo panga. Magetsi onse oyaka. Aneba ali mbwee, mlamu wanga akulimbana ndi njinga yamoto yokana kulira, mkazi wanga atakhala pansi pakhonde, amayi awiri atamugwira m'mapewa. Atandiona ndikutsika anakuwa. Anathamanga, anandikumbatira, kenako anayamba kundimenya pachifuwa ndi foni yake.

"Ichi n'chiyani, bambo a ana? Ichi n'chiyani? Ndiye ndikuimba, inu osayankha!"

Ndinawerenga. Uthenga wanga unapita ndithu. Poponda mabuleki paja chala chinagunda chilembo chimodzi n'kutumiza. Panali polembedwa: Ndafa.

Mlamu wanga anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Alamu, kodi akufa a masiku ano akumalengeza okha maliro?"

Anthu anaphulika kuseka, ena akupukuta misozi. Nanenso ndinaseka, kuseka kwa munthu amene wabwezedwa panjira. Koma nditafotokoza za pa mlatho paja, kuseka kunatha. Amayi aja anayang'anana. Wina ananong'ona kuti si ine woyamba kuimitsidwa pamenepo.

Makaniko wa nyumba yoyandikana nafe, amene amakoka galimoto za ngozi, anandikokera pambali.

"Aneba, zitsulo zija zinathyoka chaka chatha, nthawi ya mvula ngati ino. Galimotoyo ndinakaivuula ndine. Dalaivala tinamupeza foni ili m'manja, ataigwira zolimba."

"Analemba chiyani?"

"Sindinawerenge. Ndinachita mantha." Anatsitsa mawu. "Koma mkazi wake pa maliro ankangolira mawu amodzi, kuti ndinangomufunsa kuti ali pati."

Mkazi wanga anamva zimenezo. Anangondigwira dzanja mwamphamvu mpaka kundipweteka, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanandilemberenso uthenga ndili panjira. Nanenso foni imagona m'kabokosi mpaka injini itazima. Pa mlatho paja ndimadutsabe, pang'onopang'ono, ndipo ndimatsitsa galasi n'kunena zikomo. Sindinamuonenso.

Usiku umenewo anthu atabalalika tinalowa m'nyumba. Aneba anali atatsekera ana m'kati kuti asamve kulira kwa mayi awo. Tinawapeza atagona patebulo, mitu ili pamikono, mbale zawo zosakhudza. Pa mpando wanga anali ataikapo supuni ndi kapu.

Ndinawagwedeza mmodzimmodzi, matope akadali m'thalauza.

"Dzukani tidye," ndinatero. "Ndafika."

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa ndiwanene ali oona.