Lawson Sanagogode Bwato

Tamverani chilape changa, inu mwakhala pabenchipo. Munthu wapha mnzake dzuwa likuswa mtengo, alibe mfuti, alibe mpeni, sanamukhudze n'chala chomwe. Wamupha bwanji? Musathamangire ufiti. Khalani phee.

Lawson ndi Mirriam anakwatirana ku Kanakantapa. Ankakondana, kutchalitchi ankapita panjinga imodzi, mkazi kumbuyo akuseka. Mwana yekha ndiye sankabwera. Chilala cha 1992 chitawotcha chimanga, anatsikira ku Zambezi, pamene mtsinje wa Chongwe umathira, kukagwira ntchito pakampu ya azungu oona nyama. Mirriam ankachapa zovala. Lawson ankatsogolera mabwato.

Ntchito ya wotsogolera ndi iyi: amagogoda bwato ndi nkhafi, go, go, go, kuti mvuu zimve, zitulutse mitu, onse aone popewa. Kumbuyo kwenikweni kumabwera bwato la katundu. Ilo ankapalasa Boyd, bambo wanthabwala wa ku Kasisi.

Nkhani inayamba ndi wophika.

"Ba Lawson, akazi anu na Boyd kumbuyo kwa kichini, vamene bapasana mu pepala ni vichani?"

Lawson anabisala, anaona yekha. Boyd anapereka kamtolo, Mirriam n'kukabisa m'chitenge.

"Boyd akupasa chani?" Lawson anafunsa mkazi wake m'nyumba.

"Ni vachizimai, ba Lawson. Musanifunse."

"Vachizimai vichokera kwa mwamuna wina?"

"Nizakuuzani ikakwana nthawi."

"Wanipanga chipuba, chitsiru cha pa kampu yonse."

"Mwazipanga mweka."

Sanamumenye. Mwina zikanakhala bwino akanatukwana, mawu n'kutuluka. Nsanje yoipa ndi ija yosalankhula. Munthu amadya, amapereka moni, koma m'kati mwazizira kale.

Ulendo wotsatira anatenga azungu kutsika ndi mtsinje. Pokhota pena pankakhala mvuu yamphongo yokhala yokha, yaukali. Lawson anaona thovu likukwera pamadzi akuya. Anakweza nkhafi kuti agogode, n'kuitsitsa osagunda. Mabwato a alendo anawadutsitsa m'mbali mosaya, mwakachetechete. Kenaka anatembenuka, n'kulozera Boyd kuti adzere pakati.

Boyd anamukhulupirira, anakweza dzanja.

Mvuu ija inavuuka pansi pake, bwato linathyoka pakati ngati bango. Azungu ankakuwa, mapoto ndi matenti zikuyandama. Lawson ankangoyang'ana, osamva chimwemwe, osamva chisoni. Ankangomva ludzu. Mtembo wa Boyd anaupeza m'mabango kumunsi.

Onse anati ndi ngozi. Koma mzimayi wina mwa alendowo ankajambula ulendo wonse ndi kamera ya vidiyo, ndipo kukhoti ku Lusaka anaonetsa pa TV. Munthu woti amagogoda pokhota paliponse, pamenepo pokha nkhafi inakwera n'kutsika duu. Dzanja lake lolozera pakati linaonekanso.

Mirriam anaima m'bokosi la mboni, mimba ikuonekera.

"Mu pepala munali mankhwala ya kubala. Amai ake a Boyd ndiye benze kunitumizira. Ninachita nsoni kuuza amuna anga, ninati nizawauza vikagwira."

Lawson anayang'ana mimbayo, anayang'ananso pansi. Jaji atanena zaka khumi ndi zisanu, anangogwedeza mutu ngati amuuza kuti kunja kukugwa mvula.

Abale anga, chimene mwaona ndi maso kuseri kwa kichini sichinathe kukuuzani nkhani yonse. Funsani kachiwiri, dikirani. Lawson anapha munthu amene ankabweretsa mankhwala oti iye akhale ndi mwana m'nyumba.

Kundende ku Kabwe kumafika mzimayi chaka ndi chaka. Amakhala moyang'anizana ndi Lawson, osabweretsa kanthu. Amangomuyang'ana mpaka mlonda atanena kuti nthawi yatha. Ndani ameneyo? Iwe Jenala pabenchipo, ukuti bwanji?

"Ni Mirriam, ba sibweni."

Ayi, mwana wa mlongo wanga. Mirriam sanapondeko. Ndi amake a Boyd.