Sipika ya Pakona ku Mtendere

Chaka chimene mtengo wa ufa unkakwera sabata iliyonse, amuna ambiri a ku Mtendere anapita kunja kukafuna ntchito. Hosea, mwamuna wa Mainess, analowera ku Joni. Poyamba ankaimba foni, kenako anangoti zii. Lendi itamukulira, Mainess anasamuka ndi mwana wake Vera n'kukakhala m'kachipinda kuseri kwa msika.

Madzulo ena, akuchokera kogulitsa zovala za salaula, anakhotera m'holo momwe ba Chibwe, mayi wophunzitsa zaluso, anaikamo chionetsero. Munalibe zithunzi. Munali masipika ang'onoang'ono olendewera kudenga, akutulutsa mawu amene anthu a kunjawo ankatumiza kwa abale awo pa foni. Munthu unkangoyenda pakati pake, khutu lili tcheru.

Magetsi anathima. Masipika onse anakhala chete. Anthu anayamba kutuluka, akuunikira ndi mafoni.

Sipika ya pakona inatsokomola. Mainess anachidziwa chifuwacho.

"Amake Vera, nafika. Nagogoda, koma watsegula ni munthu wina. Muli kuti?"

Mainess anakoka ba Chibwe pa mkono n'kuwafunsa kuti mawu a mwamuna wake anawatenga liti. Iwo anati dzina la Hosea sakulidziwa. M'sipika imeneyo anaikamo phokoso la mvula pa malata basi, ndipo popanda magetsi singalire. Komabe anagunditsa khutu. Nkhope inasintha.

"Nimvela mvula," ananong'ona.

Mainess, ataima pomwepo, sankamva mvula. Ankamva munthu akupuma, ndi chikwama chikukwekwerezedwa pansi.

Anathamanga mumdima mpaka ku nyumba yakale ija. Ba Whyson, amene analowamo iye atachoka, anatsegula ali wokwiya. Anati posachedwapa pagogoda bambo wamtali wa chikwama, wonyowa thupi lonse, kufunsa amake Vera. Atamuuza kuti anasamuka, bamboyo anapepesa n'kutembenuka. Koma kumene analowera, ba Whyson sanaone.

Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lokhalokha. Pakhomo paja dothi linali lonyowa.

Mainess anazungulira tinjira tonse akuitana. Kunayankha agalu.

M'komboni ena amati Hosea anamira powoloka mtsinje pobwerera kwawo. Ena amati ali moyo, akubisala ndi manyazi pobwera chimanjamanja. Abale a mwamunayo anatumiza uthenga wofunsa ngati akonze maliro. Mainess sanawayankhe mpaka lero.