Chilumba cha Kumwera N'chako

Mvula ya tsiku limenelo inabwera ngati yachita kutumidwa. Shuga anathawira pa siteji ya basi atakumbatira bokosi la keke ya kasitomala, iye mwini atanyowa chonyowa. Dzina la Shugali anam'patsa ndi azakhali ake, eni shopu ya makeke kumene ankagwira ntchito.

"Bweretsani kuno bokosilo, achemwali, lisanyowe," anatero mnyamata wina wamtali akutambasula ambulera. "Musadandaule, ikata posachedwa. Ndimagwira ku ofesi ya zanyengo."

"Ndiye ndinu amene munanena pa wailesi kuti lero kuwala dzuwa?"

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwandigwira! Koma za kuzilumba kwanga sindiphonya."

"Zilumba ziti?"

"Zanga zanga. Ndinazilenga ndekha m'mutu muno, pa mapu simungazipeze. Zilipo zinayi, pakati pa nyanja yamchere."

Basi inabwera n'kupita, ina inabweranso n'kupita, Shuga osakwera. Keke inafika mochedwa, azakhali anakalipa tsiku lonse, koma Shuga ankangomwetulira.

Madzulo foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa mnyamata uja, poti anali atapatsana manambala pa siteji paja. "Mfumukazi yanga, chilumba cha kumwera n'chako. Kumeneko mvula imagwa yofunda, ndipo isanagwe imayamba yakupempha. Mitsinje imakwera phiri m'malo motsika, kuti ikakuone bwino ili pamwamba."

Shuga anadzigwetsa pabedi, miyendo m'mwamba, akukuwira mu pilo. Anyamata ena amalonjeza foni, ena nsapato. Koma chilumba chathunthu? Ndi mtsikana uti mtauni muno anapatsidwapo chilumba?

"Nanga zinazo?" anafunsa polemba.

"Usaziganizire n'komwe, mtima wanga. Kumpoto kumazizira mpaka madzi kuuma gwa! Kum'mawa kuli phiri lolavula moto, kumadzulo chifunga chaka chonse. Sikukhala munthu. Pakati pa zilumbazi pali mafunde omeza ngalawa, palibe amawoloka."

Kuyambira pamenepo chikondi chinayaka ngati moto wa udzu wouma. M'mawa uliwonse Wazanyengo, monga ankamutchulira Shuga, ankatumiza lipoti: "Lero kumwera kuli dzuwa la uchi, chifukwa mwini wake wadzuka bwino." Akakangana pang'ono, uthenga unkabwera wakuti, "Namondwe wagwetsa mitengo kumwera, ndikhululukire nyanja ikhale bata!" Ndani akanakwiya nthawi yaitali?

Shuga nayenso anayamba kuikako zake. "Mphepo ya kwangako izinunkhira buledi wotentha," anatero tsiku lina atakhala pa benchi, mutu uli paphewa la mnzakeyo.

"Zatheka, dona wanga! Ndipo chaka chino chisanathe ndikuveka mphete. Iwe ndiwe dziko langa lonse, popanda iwe ndimira."

Ankaonana Lachiwiri lokha. Masiku enawo, ati, Wazanyengo ankapita kutali kukayeza mphepo.

Azakhali sizinkawalowa. "Mwana iwe, mwamuna wakupatsa chilumba koma pakhomo pamene amagona sanakuonetse? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Aa, azakhali, inu zachikondi zinakupitani kale!" anayankha Shuga akuvina ndi mbale ya ufa m'manja.

"Vinatu. Ine ndiye ndapita kukagula mazira."

Azakhali atangotuluka, m'shopumo munalowa mtsikana wovala yunifolomu ya unamwino, nkhope ikuwala, akuyenda ngati pansi sakupondapo. Asanapereke moni anatambasula dzanja pa kauntala.

"Achemwali, taonani! Wandiveka dzulo!"

"Mayo, mphete yokongola bwanji!" Shuga anakuwa, ndipo anakondweradi kuchokera pansi pa mtima, poganiza kuti yake nayo ili m'njira. "Ndiye tikupangireni keke yotani?"

"Musandiseketu. Ndikufuna keke ya nyanja, yabuluu, pamwamba pake zilumba zinayi."

Shuga anali atatenga kale pensulo kuti ajambule. Dzanja linaima.

"Zilumba?"

"Eee! Wangayo ali ndi zilumba za m'mutu mwake, ndi wopenga mokoma! Cha kumpoto ndiye changa. Muchipange choyera mbee, chifukwa kumazizira, ati n'cholinga choti tizikumbatirana chaka chonse. Mwamva nzeru zake?" Namwino anaseka atadziphimba kumaso.

Mwina ndi nkhani yotchuka, Shuga anadziuza. Mwina anyamata onse masiku ano ali ndi zilumba. Anajambula timizere tinayi tozungulira.

"Nanga cha kumwerachi tichipange bwanji?"

"Chimenecho chikhale chaching'ono, musavutike nacho. Akuti mitsinje yake imakwera phiri, mphepo yake imanunkhira buledi wotentha, koma n'kodzaza njoka. Sikukhala munthu."

Buledi wotentha! Mawu ake omwe, amene anawanena mutu uli paphewa lija! Shuga anamva kupweteka kumene anali asanakumvepo chibadwire. Sichinali chilumba chenicheni, ankadziwa bwino, koma iye anali atasamukirako ndi mtima wake wonse. Ndiye njoka zake ndi iyeyo?

"Achemwali, mukulira? Ndalankhula molakwa?"

"Ntchito yake ndi ya zanyengo?"

"Mukumudziwa?"

Shuga anatsegula foni n'kuikankhira pa kauntala. Namwino anawerenga uthenga woyamba akumwetulirabe, wachiwiri kumwetulira kunatha, wachitatu anafunafuna mpando.

"Mfumukazi yanga," anawerenga motsitsa mawu. "Inenso amanditchula choncho. Amabwera kwa ine Lachinayi."

"Kwa ine Lachiwiri. Anandiuza kuti kwanuko madzi amauma, sikukhala munthu."

"Ayi, ayi, ayi! Ndauza kale amayi anga, ndauza ku ntchito konse!" Namwino analimbana ndi mphete ija mpaka inavuka, n'kuiika pambali pa foni ngati ikumuotcha.

Analira onse awiri, wina mbali iyi ya kauntala, wina mbali inayo. Shuga ankafuna kudana naye mtsikanayu, koma akanamuda chifukwa chiyani? Mapeto ake anam'patsa kansalu kopukutira mbale kuti apukute misozi.

Namwino atapuma, maso ake anagwera pa chojambula chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anaika chala kumpoto, n'kuchitsitsira kumwera. Kenako pang'onopang'ono chalacho chinapita kudzanja lamanja, n'kubwerera kumanzere.

"Achemwali," anatero, "ine kumpoto, inu kumwera. Nanga kum'mawa ndi kumadzuloku kukukhala ndani?"