Timizere pa Chimbale

"Ndani anamata sitika yobiriwira pa chimbale ichi?"

Mawu a amalume ake anamveka mpaka kuseri kwa shopu kumene Tsinzi ankapukuta mashelefu. Mtsikanayo anasiya kansalu n'kubwera kutsogolo. Pa kauntala panaima mayi ovala magalasi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Anali telala wa mumsewu womwewo, ndipo anabwera kudzabweza chimbale cha gemu ya mpira chimene anagulira mwana wawo.

"Ndine, amalume," anayankha Tsinzi chapansipansi.

Shopu ya amalumewo inkagula ndi kugulitsa zimbale za magemu zogwiritsidwa kale ntchito. Chimbale chikabwera, ankayamba achiunika pansi pa getsi la patebulo. Chosalala ngati chatsopano ankachimata sitika yobiriwira. Cha timizere tochepa chinkalandira yachikasu. Chokalika kwambiri ankachimata yofiira, ndipo wogula ankauzidwiratu kuti gemu ikhoza kumaima panjira. Ntchito younikayo anapatsidwa Tsinzi sukulu itatsekera, ndipo ankainyadira kwambiri. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Dzina loti Tsinzi anamupatsa ndi anzake, chifukwa akamayang'ana munthu ankachita ngati akufuna kutsinzina.

"Dzulo linali tsiku lobadwa la mwana wanga," anatero mayi aja. "Anaitana anzake asanu. Gemu itangoyamba, osewera onse a mu gemumo anauma gwa ngati zidole. Anzakewo anabalalika, iye n'kutsala akulira."

Amalume anapendeketsa chimbalecho pansi pa getsi, nkhope yawo n'kusintha.

"Aka n'kachitatu sabata ino! Masowo ndi okongoletsera nkhope? Anthu amabwera pano chifukwa ine ndikati chobiriwira chimakhaladi chobiriwira. Ukufuna azinditcha kathyali?"

"Ndinachiunika, amalume. Sindinaonepo kanthu."

"Ulesi, n'kuwonjezanso bodza! Kuyambira mawa uzikhala kunyumba."

Tsinzi anayesetsa kuugwira mtima, koma misozi inamugonjetsa. Mayi aja, amene analowa atakwiya, tsopano ankangomuyang'anitsitsa.

"Tadikirani kaye, achimwene," anatero. "Mwana iwe, tandionetsa mmene umaunikira."

Tsinzi anapukuta manja m'siketi, n'kugwira chimbalecho m'mphepete ndi zala ziwiri. Anatambasula mkono wonse mpaka pansi pa getsi, n'kumachitembenuza pang'onopang'ono.

"Bwanji ukuchiika kutali chonchi?"

"Amalume anandiletsa kuchiyandikitsa kumaso. Anati mpweya wa m'kamwa umachidetsa."

"Leroli ndakuloleza ine. Chibweretse pafupi. Ukuona chiyani?"

Tsinzi anachikokera mpaka chinatsala pang'ono kugunda mphuno. Anadzidzimuka.

"Pali timizere! Tambirimbiri, ngati padutsa mphaka. Kenanso n'kakuya, kakuzungulira pakati."

Mayiwo analoza kunja. "Kutsidya kwa msewuko, pamwamba pa chitseko chabuluucho, palembedwa chiyani?"

Tsinzi anachepetsa maso, n'kusendeza khosi kutsogolo. "Kodi palembedwa?"

Amalume anatembenuka. Zilembo za pachikwangwanicho zinali zazikulu kuposa chikhatho cha munthu wamkulu.

"Nanga m'kalasi umakhala pati?" anafunsanso mayi aja.

"Kumbuyo, poti ndine wamtali. Zapabolodi ndimakopera kwa mnzanga. Aphunzitsi amati ndimakonda kuonera." Anaima kaye. "Ndimayesa aliyense amaona choncho."

"Achimwene, mwana uyu si waulesi ayi, ndipo sananame," anatero mayiwo. "Maso akewa saona patali. Ine zinandichitikirapo. Ndinachita kumupitirira mlamu wanga pamsewu osamupatsa moni, nkhani mpaka kukafika kwa apongozi kuti ndayamba kunyada. Mupite naye akamuyeze."

Amalume anatenga chimbale china cha gemu yomweyo, anachiunika okha mbali zonse, n'kuchipereka kwa mayiwo ndi manja awiri. Mayiwo atatuluka, amalumewo anakhala pampando kwa nthawi ndithu, dzanja lili pachibwano. Tsinzi anabwera kwawoko ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake, omwe anali mlongo wawo, atapita kukagwira ntchito kutali. Zaka zonsezo ankamukalipira kuti amakhala pafupi kwambiri ndi TV, kuti amaphonya basi, kuti malipoti ake a kusukulu sasangalatsa. Sanamufunsepo n'kamodzi komwe chifukwa chake.

Lolemba m'mawa shopu sinatsegulidwe. Awiriwo anakakhala pamzere kuchipatala cha maso. Dokotala anamuveka Tsinzi chimango cholemera cha magalasi, n'kumasinthasintha timagalasi uku akumuuza kuti awerenge zilembo pakhoma. Poyamba anatha mzere wapamwamba wokha. Pomaliza anawerenga mpaka wapansi penipeni, n'kuyamba kuseka yekha.

Magalasi ake anatuluka patatha masiku anayi. Atawavala n'kutuluka panja, anaima pakhomo anthu n'kumachita kumulambalala. Mtengo wa pageti unali ndi masamba, lililonse palokha. Pa waya wa magetsi panatera timbalame titatu, ndipo kena kanali ndi kaudzu kukamwa.

Asanafike kushopu anapempha kuti adzere kwa telala uja. Anawapeza akupalasa makina osokera.

"Amayi, ndabwera kudzathokoza," anatero Tsinzi atapinda maondo pang'ono. "Ndinakuwonongerani phwando la mwana wanu, koma inu munandichitira chifundo."

"Iii, taona mmene magalasiwo akukhalira!" anatero mayiwo akuseka. "Usamawapukute ndi malaya, wamva? Nawonso amakalika ngati zimbale zakozo."

Anatola kansalu kofewa pa mulu wa zotsala, anakasoka m'mphepete msangamsanga, n'kumupatsa.

Kushopu, amalume anatsitsa zimbale zonse zimene Tsinzi anamata masabata apitawo n'kuziunjika patebulo. Mtsikanayo anaziunikanso chimodzichimodzi. Zisanu ndi ziwiri anazichotsa sitika yobiriwira. Chimodzi mwa izo chinali ndi kamng'alu pabowo lapakati, kamene ngakhale amalumewo anachita kukafunafuna.

Amalume anakoka mpando n'kukhala pafupi naye. Anatsokomola kawiri mawu asanatuluke.

"Mwana wanga, ndinakutcha wabodza pamaso pa anthu. Ndinalakwa. Undikhululukire."

Tsinzi anali asanawamvepo amalume ake akupepesa munthu. Anakweza mutu kuti awayankhe, koma anangoti kakasi, maso ali pamutu pawo.

"N'chiyaninso?" anafunsa amalumewo.

"Amalume, kodi imvi zonsezi zinayamba liti?"

Amalume anagwira kumutu, n'kuphulika chiseko mpaka kupukuta misozi.

"Ndikanadziwa ndikanakusiya choncho!" anatero.

"Mwachedwa nazo," anayankha Tsinzi akumwetulira. Kenaka anagwira dzanja lawo lokhakhalalo ndi manja ake onse awiri. "Zikomo, amalume."