Mizere ya Tsache Pakhomo pa Damiano

Damiano atatenga Falesi kupita naye kwawo ku Chongoni m'chaka cha 1974, akazi a m'mudzimo anamusirira mtsikanayo. Mwamuna wake sankamwa, sankayendayenda, ndipo mizere ya mbatata m'munda mwake inali yowongoka ngati wayeza ndi chingwe.

Koma ine munthu wosalola kanthu kupendekeka ndimamuopa. Kapu ikasuntha pa tebulo, Damiano ankafunsa amene wamwera. Kenaka wina anamunong'oneza pamsika wa Chimbiya kuti mkazi wake amaseka ndi amuna. Kuyambira pamenepo ankasesa yekha bwalo m'mawa uliwonse, tsache likusiya mizere yolingana, kuti pochokera kumunda aone phazi la aliyense amene wafika.

Falesi anaonda ndi mantha. Popita kuchitsime ankalambalala m'mbali mwa khoma, kuopa kuponda mizereyo. Atatopa, anatumiza mawu mobisa kwa amalume ake, a Stefano, kuti adzamutenge.

A Stefano anafika mwamunayo ali kumunda.

"Pirira mpaka Loweruka, mwana wanga. Ndibwera ndi ankhoswe akuchimuna, tidzakutenge mwaulemu."

Atachoka, Falesi anaona kuti nsapato zawo zadinda bwalo lonse. Anatola tsache kuti afufute, koma anasesa mofulumira, mizere n'kukhota.

Damiano pobwera anaima pachipata nthawi yaitali, khasu lili paphewa.

"Wasesa ndani pano?"

"Ndine, bambo. Nkhuku zinapalasa."

"Nkhuku ndinazitsekera ndekha. Ukubisa mapazi a ndani?"

Falesi anagwada. "Ndi amalume, ndikulumbira. Athamangireni mukawafunse, sanafike patali."

"Amalume ako ungawafufute ndi tsache? Ukundiyesa chitsiru?"

Oyandikana nawo anamva kukuwa kamodzi kokha. Pamene ankafika, Falesi anali atagona pafumbi, khasu lili pambali pake, osapumanso.

Kukhoti a Stefano anafotokoza zonse akulira, ndipo khoti linagamula kuti Damiano anyongedwe. Zimandiwawa kuti mkaziyo ananena zoona ali chogwada, koma munthu amene nsanje yamulowa m'mutu samva chilichonse, ngakhale umboni umuikire m'manja.

M'ndende Damiano sanatchulepo zopepesa. Tsiku lina anaitana msilikali wolondera, n'kumufunsa chapansipansi:

"Bwana, koma munatsimikizadi kuti anali amalume akewo?"