Paipi Yaifupi ya Buleki ya Bassou

Bassou ananyamuka kumsika wa Lachinayi anthu atatuluka kale mumzikiti ku pemphero lomaliza. Chinamuchedwetsa ndi buleki. Paipi yampira ya kutsogolo kwa njinga yake yamoto inali itakalamba, akafinya inkangofufuma m'malo moluma tayala. Ndiye anapita kwa mmisiri Addi kukafuna yolukidwa ndi timawaya tachitsulo chosachita dzimbiri, ija anzake oyenda m'mapiri ankaitama.

"Yatsala imodzi, koma ndi ya njinga yaing'ono," anatero Addi. "Kwa iwe yaperewera ndi zala zinayi. Gona konkuno, yokukwana ibwera mawa."

"Amisiri, chitsulo chimaduka? Mangani basi."

"Chitsulo ndi mutu wakowo. Langa dzanja silikhudzapo."

Bassou anabwereka sipanala n'kumanga yekha. Anaikoka, kuipotoza pang'ono, mpaka inafika. Kugona m'tauni sakanatha, chifukwa m'thumba la mkanjo wake munali mankhwala a mphumu a mkazi wake Itto, yemwe m'mawa anamusiya akupuma ngati mvukuto wobooka.

Petulo anamuthera atatsala pang'ono kufika pamwamba pa phiri. Sanadandaule. Pa zaka zisanu zomwe anakhala kwawo kwa Itto anali ataphunzira katsikidwe ka eni dera: injini kuzimitsa, njinga kumangotsetsereka yokha magulaye asanu ndi anayi mpaka pamlatho wa m'mudzi. Ntchito inali kukankha mpaka pamwamba basi.

Pamwambapo pali manda akale, ozingidwa ndi kampanda ka miyala kofika m'chiuno. Mwezi unali theka. Mphepo yomwe inkamuwomba njira yonse inangoti zii. Ankamva tcheni cha njinga chokha, ndi mpweya wake.

Pakampandapo panakhala munthu.

Anali atafunda mkanjo waubweya mpaka kumutu, chikwama chachikopa chili pamiyendo. Bassou anapereka moni wa mtendere. Munthuyo sanabweze.

"Ndi yaifupi," anatero.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Paipi yako. Khotetsa chiwongolero kumanzere. Mpaka chigunde."

Bassou sanadziwe chifukwa chake anamvera. Anakhotetsa. Paipi ija inakungika ngati chingwe cha mbuzi yofuna kuthawa.

"Ipapase ndi chala, pafupi ndi nati."

Anapapasa. Kanthu kanamubaya... kenako kena. Timawaya tinali titayamba kuthothoka, ndipo chala chinabwerako chonyowa ndi mafuta a buleki.

"Yampira imakuchenjeza, imafufuma," anatero munthuyo mwakachetechete. "Iyi imabisa. Imaluma bwino mpaka pa gulaye wachisanu."

"Mkazi wanga akubanika kunyumba. Panjinga ndi mphindi khumi zokha. Ndigwiritsa ya kumbuyo."

"Ya kumbuyo ipsa pa wachitatu. Yenda pansi, mwananga. Ndine Hammou wa makalata, njira ino ndimaidziwa."

Bassou anaponya mwendo pachishalo. Anaona m'maganizo Itto atatsamira khoma, milomo itada. Kenako anayang'ana chala chake chonyowa chija. Anatsika, n'kuyamba kuyenda atagwira njinga.

Munthuyo anadzuka. Anabwera pambuyo pake.

Gulaye woyamba. Miyala inkalira pansi pa nsapato za Bassou. Za mnzakeyo, ayi.

Wachiwiri. Pamsewu panali chithunzithunzi cha njinga, ndi chake. Ziwiri basi.

Sanacheuke. Kumsana kwake kunkazizira ngati watsamira mwala wa m'chitsime.

Wachitatu. Wachinayi.

Pa wachisanu msewu umatsika mwadzidzidzi n'kukhotera kumanzere, kumanja kuli phompho. Njinga inayamba kumukoka. Anakhotetsa, n'kufinya buleki.

Phwa!

Chogwirira cha buleki chinangofika pachiwongolero chopanda mphamvu. Mafuta anamuthovukira pabondo. Njinga inamukwekwereza masitepe atatu, iye n'kuigwetsera dala kukhoma la phiri. Tayala la kutsogolo linatsala likuzungulira m'mphepete mwenimweni, timiyala tikugwera pansi... osamveka pofikira.

"Apa," anatero mawu aja, pafupi ndi khutu lake.

Anacheuka. Msewu wokhawokha.

Njinga anaisiya pomwepo. Anagwira thumba la mankhwala n'kuthamanga magulaye anayi otsalawo, osayang'ananso kumbuyo.

Pamlatho anapeza mlamu wake Yidir, mchimwene wake wa Itto, atanyamula nyali.

"Alamu, mwagulitsa njinga n'kudyera nyama kumsika? Mlongo wanga akufa ndi chifuwa uku."

Bassou anathamangira m'nyumba, n'kugwirizira kabotolo kopopera pakamwa pa Itto. Anakhala pamphasa akumuwerengera mpweya mpaka mluzu wa m'chifuwa unatsika, mayiyo n'kugona.

Yidir anathira tiyi, n'kumupatsa mlamu wake kapu.

"Njinga ili kuti?"

"Pa gulaye wachisanu. Paipi ya buleki yaduka. Ndikanakwera, bwenzi pano mukundifuna ndi zingwe kuphompho. Anandiletsa ndi bambo wina kumanda kuja, Hammou wa makalata. Mawa mundiperekeze ndikamuthokoze."

Yidir anaika ketulo pansi pang'onopang'ono.

"Wakuuzani ndani dzina limenelo?"

"Mwini wake."

Yidir anayang'ana chitseko.

"Alamu, Hammou tinamuika m'manda omwewo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anamanga paipi ya njinga ina, yaifupi, pothamangira kubweretsa makalata chikondwerero chisanafike. Ine ndinali mmodzi wa otsika ndi zingwe pa gulaye wachisanu. Tinamupeza dzanja lili chifinyire buleki, ndipo zala zake tinachita kuzitambasula chimodzichimodzi."