Yoramu Sali ku Solwezi

Kutchalitchi kwa Bundabunda, m'boma la Chongwe, aliyense ankadziwa kuti Yoramu anapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Solwezi. Bodzalo analipeka ndi amayi ake, a Jenala, ndipo ankalinena mokoma zedi, mpaka akwaya anamupempherera kuti akwezedwe pantchito.

Ednah, mkazi wa Yoramu, mayi wa Kondwa, ankangoti amen. Mwamuna wake anamutenga ndi anthu osavala yunifomu, akuti feteleza amene ananyamula pagalimoto ya hayala anali wa zigawenga zopanga mabomba. Kuyambira pamenepo Ednah ankadzuka, kusesa, kukwera minibasi ya ku Lusaka kukamufunafuna kupolisi, kubwerako. Misozi inamuthera kalekale, ankangomva mutu kulemera.

Tsiku lina anabwerako masana, n'kugwada pakhomo la apongozi ake.

"Amai, lelo banibweza. Bakamba ati dzina lake kulibe, sibamudziwa."

A Jenala anapitiriza kusenda nyemba.

"Napita kwa ba loya," anatero Ednah. "Bakamba ati olo munthu bamuganizire zauchigawenga, lamulo ikuti bamuuze mulandu, aonane na loya, aonekere ku khoti. Khoti ingalamule kuti bamubwerese. Koma ifunika munthu wamene anaona bomutenga akalumbire. Ine ninali kumunda. Munaona ndimwe."

"Ku khoti amaitana dzina mokuwa, amake Kondwa," anayankha a Jenala. "Ufuna Chongwe yonse imve ati ninabala chigawenga? Wabwera kuzatinyazitsa pabanja pano?"

"Nifuna chabe nimuone ngati ali moyo."

"Mwana wanga ali ku Solwezi."

Ednah sanakwiye, mphamvu zokwiyira analibe. Anayang'ana nkhuku zikutola makoko, kenaka anayankhula ngati akunena za mvula.

"Chabwino, amai. Akafa mukati muja, na ba polisi bazakamba chimozimozi, ati ali ku Solwezi. Bazakamba ati amai bake ndiye banatiuza. Mutembo mukaufune kwamene uko."

Lichero linagwa, nyemba n'kumwazika. A Jenala analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Mkatimo munamveka kulira kwa munthu wamkulu, koipa, kosabisa. Ednah anangokhala chogwada, maondo atachita dzanzi.

Chitseko chitatseguka, a Jenala anatuluka atamanga duku, nsapato zili m'manja, maso ali psuu. Sanamuyang'ane mpongozi wawo.

"Banali anai," anatero. "Umozi anamumenya pakamwa ine niona. Nyamuka. Ba loya abo bamvera Chinyanja?"